Mkaka Wanga Anaukwirira pa Boda

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Esitere, mwana wanu wachiwiri. Papita chaka ndi miyezi chikuikireni m'manda ku Kapichi, ndipo lero ndati ndikhale pansi ndikuuzeni za kuno.

Felesiya, chitsiriza wanu, anachira mwezi wathawu ku chipatala cha ku Makwasa. Ndi mwana wamkazi, chipumi chake chanu chenicheni. Nandolo wa m'munda mwanu anabereka ndithu, koma nthochi tinazula zonse, matenda aja anazimaliza. Achimwene a Dayitoni akadali pa ulonda ku esiteti ya tiyi, bondo lija likuwavutabe kukazizira.

Tiyirumu yanu ija ndinaitenga ndine, monga munanenera muli chigonere. Miyezi yoyamba zinkayenda. Anthu othyola tiyi ankabwera akaweruka, makamaka tsiku la malipiro, n'kumaitanitsa sikono ndi tiyi wa kondensi, mkaka wotsekemera wa m'chitini uja. Paja inu munkati munthu amene wakhala tsiku lonse dengu lili kumsana, usamupatse tiyi wakuda ngati ali pa maliro. Mawu amenewo ndinawasunga.

Kenaka kondensi anayamba kusowa. Kuholoselo ankangoti ndalama zakunja zoitanitsira katundu kulibe, ndipo akapezeka, mtengo unali wina sabata iliyonse. Ndinayesa mkaka wa ufa. Agogo a Namakhwa, aja ankakhala pa benchi ya pakhomo, anangolawa kamodzi n'kukankha kapu. "Mwanawe, uyu si tiyi wa amako," anatero. Anatuluka osamaliza, ine misozi ili lengelenge.

Ndiye amalume a Zuze atabwera kuchokera ku Milanje, anandiuza kuti kwawoko ku Mozambiki kondensi ndi mbwee, wotsika mtengo. Anati, "Ukaode makatoni ambiri. Wina uzithira m'tiyi, wina uzigulitsa kwa anzako a matiyirumu." Achimwene a Dayitoni anafuna kuti tidutsitse katunduyo pa njinga, njira zam'tchire. Ine ndinakana. Ndinati mwana wa mayi amene sanaikepo mwala m'dengu la tiyi kuti lilemere pa sikelo sangazembe boda. Ndinkaona ngati ndikalipira msonkho, basi nkhani yatha. Choncho ndinapita ku Milanje n'kukaoda pa sitolo ina, mwini wake atanditsitsira mtengo.

Amayi, safunsa anadya phula. Mwambi umenewu munkaukonda, ndipo unandipeza ndili chilili pa boda, makatoni makumi awiri ali pansi. Bambo wina woona za katundu wodyedwa anandifunsa chilolezo cholowetsera zamkaka m'dziko muno. Ndinalibe, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti chimatengedwa katundu asanagulidwe. Anatenga chitini chimodzi, n'kuchitembenuza. Zolemba zonse zinali m'Chipwitikizi chokhachokha. Sanandikalipire ayi. Anati, "Mayi, munthu wa ku Thyolo adziwa bwanji chimene akudya? Katunduyu atsala kuno mpaka tikamuyeze."

Ndinayenda, Amayi. Ku Blantyre ndinapita katatu, ofesi iyi kunditumiza ku ofesi iyo. Pamene ndimapeza pepala limodzi, kwacha inali itagwanso, msonkho umene anandiuza poyamba utakwera, kuwonjezapo ndalama yosungira katundu m'shedi ya pa bodapo. Tiyirumu ndinkaitseka masiku onsewo, makasitomala n'kuzolowera kwina.

Kenaka zotsatira za kuyeza kuja zinabwera. Pa chitinipo panali chithunzi cha ng'ombe yonenepa, koma m'katimo mkaka unali wochepa, zambiri zinali shuga ndi mafuta ophikira. Anati sizingagulitsidwe ndi dzina la mkaka. Komanso masiku ake anali atatsala pang'ono kutha, n'chifukwa chake mwini sitolo uja ananditsitsira mtengo mokoma mtima chotero. M'shedi ya malata muja, ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala, zitini zina zinali zitatupa ngati matama a mwana wodwala. Ndinapempha kuti ndibweze katunduyo. Amalume anapita kusitoloko, mwini wake anangoti chogulidwa chagulidwa.

Tsiku lokawononga anandiitana kuti ndikasayine. Anakumba dzenje kuseri kwa shedi, anyamata awiri n'kumaboola zitini ndi zikwanje. Kondensi ankayenderera m'dothi lofiira, njuchi zili ng'waa. Mayi wina wogulitsa chinangwa anandigwira mkono. "Musayang'ane, asisi," anatero. Koma ndinayang'ana mpaka chitini chomaliza. Ndinakumbukira mmene munkaboolera chitini pawiri ndi nsonga ya mpeni, n'kutipatsa chikatha kuti tizitsukuluza ndi madzi otentha, ife n'kumalimbirana. Kwathu chitini sichinkatayidwa chili ndi kadontho.

Tsopano pali chimene ndakhala ndikuchizungulira m'kalata yonseyi. Ndalama zoodera katunduyo sizinali zanga. Zinali za chiliza chanu. Achimwene anasonkha, Felesiya anagulitsa mbuzi yake ali ndi pakati, azakhali a ku Mphuka anatumiza zawo, ndipo onse anandipatsa ine kuti ndisunge, poti amati ndine wosamala. Ndinadziuza kuti ndingozibwereka milungu itatu, ndidzabweze ndi phindu, tidzakumangireni chiliza cha matailosi m'malo mwa simenti wamba. Ndinkafuna anthu odutsa pamanda adziwe kuti apa pagona mayi amene analera ana atatu ndi dengu komanso ketulo.

Achimwene akudziwa kuti katundu anawonongedwa, koma akuganiza kuti inali ngongole ya kubanki m'khonde. Dzana anabwera ndi mmisiri kudzandiuza kuti simenti tigule mvula isanayambe. Ndinawayankha kuti ndamva. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Mlongo, uli bwino iwe?" Ndinati ndi mutu chabe. Amayi, sindinawanamizepo achimwene chibadwire, ndipo bodza limeneli likundilemera kuposa makatoni aja.

Tiyirumu ndatseka. Mabenchi ndinabwereketsa kutchalitchi. Lolemba lapitali ndinakalembetsa ku esiteti, ndipo akapitawo atamva dzina lanu sanandifunse zambiri, anangondipatsa dengu. Zala zanga zaiwala ntchito, pofika masana zimakhala zitang'ambika. Amayi ena achikulire a mu mzere wathu amandithirako masamba awo m'dengu mwanga akapitawo akayang'ana kumbali. Akuti inunso munkawachitira zomwezo iwo ali atsopano. Zimenezi simunatiuzepo.

Sindikupemphani kuti mundichotsere manyazi, ndi anga. Loweruka likubwerali tonse tikumana kwa Felesiya kukaona mwana. Ndikawauza ndekha, pamaso pa azakhali, asanamve kwa wina. Akakalipa ndikhala chete, akalira ndilira nawo. Chiliza chichedwa, Amayi, mwina chaka, mwina kuposerapo, ndipo chidzakhala cha simenti wamba. Koma thumba lililonse ndidzaligula ndi masamba othyola ndi manja angawa, ndipo dzina lanu ndidzalilemba ndekha simenti isanaume.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Esitere