Mashati Awiri a Phewa Lotsika

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KAGULU KA SINGANO NDI ULUSI

Tsiku: Loweruka, pa 20 Seputembala

Malo: Pabalaza pa nyumba ya Wapampando

Opezeka: Wapampando, Mlembi, Msungichuma, Namwino, amene amasunga makina a kagulu ndipo anabwera nawo, Amake Mapasa, amene amadulira mamembala nsalu, Wasaluni, membala watsopano amene anaitanidwa kuti komiti imudziwe.

Osapezeka: Wachiwiri kwa Wapampando, amene anapepesa kuti akudwazika mwana.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero nthawi ya 2 koloko masana. Anapepesa kuti fani ya pabalaza inafa, ndipo analamula kuti chitseko chikhale chotsegula chifukwa cha kutentha. Amake Mapasa anati amuna awo aiona faniyo akabwera kudzawatenga. Wapampando analandira Wasaluni, amene anangosamukira kuno mwezi watha ndipo anamva za kagulu kwa Msungichuma pomuluka tsitsi. Wasaluni anati sanagwirepo makina chibadwire, koma akufunitsitsa kuphunzira.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga. Msungichuma anatsutsa ndime yonena kuti iye anatchula siketi ya Namwino kuti ndi thumba la feteleza. Anati iye ananena kuti ikufanana ndi thumba, ndipo za feteleza anawonjezera ena. Namwino anati kusiyana kwake sakukuona. Zolembedwazo zinavomerezedwa ndi kusintha kumeneko.

3. Nsalu za nyengo yotentha

Anagwirizana kuti chaka chino aliyense asoke ndi kotoni wopyapyala. Namwino anakumbutsa komiti kuti nayiloni wa chaka chatha anatulutsa mamembala awiri zidzolo. Amake Mapasa analangiza kuti nsalu izichapidwa isanadulidwe, popeza imafupika, ndipo anati wonyozera malangizowa asadzabwere kwa iwo akulira.

4. Mapulani a membala aliyense

4.1 Wapampando anati asoka diresi lopanda manja. Msungichuma anafunsa ngati ndi la mdzukulu. Wapampando anati ndi lawo, mikono ndi yawo, ndipo kutentha sikufunsa zaka.

4.2 Namwino anati asoka akabudula awiri ogonera masana akaweruka ntchito. Msungichuma ndi Mlembi anati sanasankhebe.

4.3 Amake Mapasa anaonetsa nsalu yobiriwira ya shati ya amuna awo, amene amakonza mafiriji ndipo nyengo ino amakhala thukuta lokhalokha. Anafotokoza kuti shati ya bambowo imavuta kudula. Phewa lakumanja ndi lotsika chifukwa anagwa pamakwerero, thumba amalifuna kumanja popeza ndi amanzere, ndipo kolala sayifuna chifukwa imawakhula pachipsera cha m'khosi. Nthawi imeneyi Wasaluni anali atatuluka panja kukayankha foni.

4.4 Atabwerera, Wasaluni anati iyenso akufuna kuyamba ndi shati, ya mwamuna amene anamufunsira ukwati. Anati akufuna kumudzidzimutsa, choncho sanamuyeze, koma wabweretsa shati yake yakale kuti atengerepo patani. Wapampando anayamikira nzeruyo ndipo anapempha Amake Mapasa kuti amuonetse kajambulidwe kake.

4.5 Amake Mapasa anayala shatiyo patebulo atagwira choko. Inali ya mizeremizere, yopanda kolala, thumba lili kumanja. Anaitembenuza, nayang'ana msoko wa paphewa. Choko chinagwa pansi ndipo palibe anachitola.

4.6 Amake Mapasa anafunsa kuti shatiyo anasoka ndani. Wasaluni anayankha kuti mwini wake anamuuza kuti anasoka ndi malemu mayi ake, n'chifukwa chake amaikonda. Namwino anatsamwa ndi madzi amene ankamwa.

4.7 Wapampando analamula kuti mawu otsatirawa alembedwe monga anayankhulidwira. Amake Mapasa anati: "Mwanawe, malemuyo ndine. Shati iyi ndinasoka ndi manja angawa, pamakina omwe ali apowo. Batani lachitatu ndi losiyana ndi anzake chifukwa linandithera. Amuna anga anandiuza kuti inabedwa pachingwe." Wasaluni anayang'ana batanilo, kenako anati: "Ayi, mayi, mashati amafanana. Wangayo mkazi wake anamuthawa kalekale, amakhala ndi achemwali ake ndi ana awo awiri." Amake Mapasa anati: "Achemwaliwonso ndine. Anawo ndi mapasa, ndipo mphuno ndi zake."

4.8 Msungichuma anati "Mayo ine!" kangapo, ndipo anapempha kuti zidziwike kuti iye sankadziwa kanthu pamene ankaitana Wasaluni. Wapampando anavula magalasi, nawavalanso. Wasaluni anatulutsa foni naonetsa chithunzi. Amake Mapasa anachiyang'ana kamodzi kokha, nati buluku la pachithunzilo analipinda okha m'miyendo. Wasaluni anakhala pansi, osati pampando, nayamba kulira.

4.9 Namwino anapereka ganizo lakuti msonkhano uyimitsidwe. Amake Mapasa anakana. Anati anachoka kunyumba kudzakambirana za kusoka ndipo mfundo sizinathe. Anafunsa Wasaluni kuti zinayamba liti. Wasaluni anati ndi chilimwe chatha, pamene bambowo anabwera kudzakonza firiji ya zakumwa ku saluni yake yakale, ndipo ndi iwo anamuuza kuti asamukire kuno kuti azionana pafupi. Amake Mapasa anati: "Ndiye firiji ya usiku uliwonse ija ndiwe." Mawu amene Msungichuma anawonjezera sanalembedwe, polamula Wapampando.

5. Kufika kwa mlendo

5.1 Mfundo yachinayi isanathe, njinga yamoto inaima pageti. Amake Mapasa ndi Wasaluni anatembenuka nthawi imodzi. Amuna a Amake Mapasa analowa akuimba mluzu, atanyamula chikwama cha zipangizo, nafunsa kuti fani yodwalayo ili kuti. Ataona amene anali pabalaza, mluzu unatha.

5.2 Wapampando anawauza kuti alowa msonkhano uli mkati, ndipo mlendo sayankhula asanapatsidwe mpata. Bambowo anati abweranso nthawi ina. Namwino anali ataima kale pakhomo.

5.3 Amake Mapasa ananyamula shati ya mizeremizere nati: "Bambo a mapasa, yapezeka shati inabedwa ija. Wakubayo mukumudziwa?" Bambowo anati nkhani za m'banja sizikambidwa pagulu. Wasaluni anaimirira nati: "Banja lake liti? Si munati achemwali anu?" Bambowo anati pali kusamvetsetsana pang'ono, ndipo atha kufotokozera aliyense payekha. Msungichuma anati zofotokozera aliyense payekhazo n'zimene zawafikitsa pano.

5.4 Bambowo anayamba ziganizo zingapo zimene sanamalize, choncho Mlembi sanathe kuzilemba. Kenako anati mutu ukuwazungulira ndi kutentha. Namwino anawagwira pamkono, nanena kuti mtima ukugunda mofulumira koma safa lero.

5.5 Amake Mapasa anawauza kuti asawadikire, ndiponso kuti akafika kunyumba asalowe kuchipinda. Anati zovala zawo azipeza pakhonde, kupatula zimene anawasokera iwo, chifukwa zimenezo akazisomola ulusi. Wasaluni anawalanda kiyi wa kunyumba kwake pamaso pa komiti. Bambowo anatuluka. Njinga inakana kulira, ndipo anaoneka akuikankha mpaka pokhota msewu. Fani sinakonzedwe.

6. Zogwirizana

6.1 Amake Mapasa anasintha pulani yawo. Nsalu yobiriwira idulidwa akabudula a mapasa, ndipo yotsala ikhala nsanza yopukutira makina.

6.2 Msungichuma anapereka ganizo lakuti Wasaluni achotsedwe m'kagulu. Namwino anatsutsa, nati mtsikanayo ananamizidwa monga ananamizidwira wina aliyense. Wapampando anafunsa maganizo a Amake Mapasa. Iwo anati sakufuna kumuona, koma amene anaba shati si iye, ndipo akachotsedwa anthu adzati anachotsedwa ndi nsanje. Ganizolo linagwa. Anagwirizana kuti awiriwa azibwera masiku osiyana.

6.3 Makina a kagulu ayambira kwa Amake Mapasa. Iwo anati usiku wa masiku akubwerawa sadzagona, ndiye bola manja azigwira kanthu.

6.4 Wapampando anachenjeza kuti zokambidwa m'komiti ndi zachinsinsi. Msungichuma anafunsa chifukwa chimene onse akuyang'anira iye.

7. Zina ndi zina

7.1 Wasaluni anapempha kuyankhula. Anati shati sasokanso, koma akupempha kuti wina amuphunzitse kusoka diresi lotakasuka pamimba, lotha kumasulidwa mwezi ndi mwezi, chifukwa masiketi ake onse asiya kutseka. Anati akuyembekezera kumapeto kwa mvula, ndipo mwini mimbayo anali asanamuuze. Ankafuna kumuuza tsiku lomupatsa shatiyo.

7.2 Msungichuma anagwira pakamwa. Namwino anakhala pansi.

7.3 Amake Mapasa anali atanyamula kale chikwama. Anachiikanso pampando, natenga tepi, nauza Wasaluni kuti aimirire bwino ndi kukweza manja. Anamuyeza pachifuwa, pamimba ndi kutalika, osamuyang'ana kumaso. Anauza Namwino manambala kuti asunge, nati: "Zipi musaike, muike zingwe m'mbali. Nsalu mugule yambiri, kwawoko amabereka awiriawiri." Wasaluni anati, "Zikomo, mayi." Amake Mapasa anati: "Usandithokoze. Sindinakukhululukire. Ndangoyeza." Anatuluka pemphero lisanachitike, ndipo Wapampando anawaperekeza mpaka pageti, kumene anaima nawo nthawi yaitali atawagwira paphewa.

8. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka loyamba la Okutobala, kunyumba kwa Namwino. Aliyense abwere ndi nsalu yochapa kale.

9. Kutseka

Wapampando atabwerera anapempha Namwino kuti apemphere. Namwino anati mawu alibe. Onse anaweramitsa mitu chete, ndipo msonkhano unatsekedwa nthawi ya 5 koloko madzulo.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________