Musalole Débora apite msanga

Insaca, 19 Novembala 2023

Okondedwa achimwene Armando,

Muli bwanji ku Cuamba, inu ndi alamu ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti mlamu wanu Violeta mutu ukumuvuta. Mvula sinagwe, koma kumunda ndamaliza kusosa.

Achimwene, Lachitatu lapitali amalume ake a Violeta, a Stanley, anaitanitsa mbumba yonse. Ine ndinakhala chapatali monga mkamwini. Ananena kuti Januwale akutenga Débora wanga kupita naye ku Blantyre, akaphunzire mpira wawo uja wa kiriketi. Mwana wa zaka khumi! Onse anawomba m'manja.

Mwina simuwadziwa bwino, paja munangowaona tsiku la ukwati. Anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ali mnyamata, n'kupeza ganyu yotchetcha udzu pabwalo la amwenye ku Limbe. Dzanja analitenga kunoko, popirikitsa mbalame mumpunga ndi zibuma. Amwenye ataona kaponyedwe kawo anawalowetsa m'timu. Akuti pamasewerawo ena amadziwa kuponya kokha kuti mpira ugwetse timitengo tozikidwa kumbuyo kwa womenya, ena kumenya ndi thabwa kokha, koma iwo zonse ziwiri, ngati munthu woti kumunda katswiri, kunyanjanso katswiri. Anasewera zaka zambiri, mpaka kukwera ndege. Amene anali nawo ku Malawi amasimbabe tsiku lina lomwe anagwetsa timitengo ta anthu asanu ndi mmodzi, kenako n'kumenya mpaka masewera kutha, chala chili chothyoka.

Zimenezo sindikutsutsa. Koma ine manja awo ndimawaona tsiku ndi tsiku. Zala zinapindika ngati chinangwa cha pamiyala. Khasu sagwira, mabatani a malaya amawamangira ndi Violeta, ndipo munda wawo ndimalima ndine. Kukazizira phewa limawabuulitsa. Mpirawo ndinaugwirapo, achimwene, ndi mwala weniweni wongokuta ndi chikopa.

Ndinapita kwa iwo ndekha n'kukhala pansi pakhonde. Ndinati mwana wa mlimi chuma chake ndi manja, komanso apulofesoli, aphunzitsi ake aja, akuti masamu akukhoza. Anandimvetsera osakalipa. Kenako anati maso awo ayamba chifunga, nthawi yawathera, ndipo pa ana onse amene amawaphunzitsa kuseri kwa tchalitchi, dzanja lija latulukira mwa Débora yekha. Anati mnzawo wakale amaphunzitsa atsikana ku Blantyre, ndipo mwanayo akakhala kwa mwana wamkazi wa a Stanley omwewo, shikola osasiya. Nditati nanga ine bambo wake, anaseka pang'ono n'kuti tambala wobwereka sawerenga anapiye.

Débora ndinamufunsa tikupita kuchigayo. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti ababa, ndikaponya timitengo tija n'kugwa, mtima wanga umachita kuti myaa. Violeta naye akungoti amalume anena, koma akasenza madzi ndikumamuona akupukuta m'maso.

N'chifukwa chake ndalemba. Inu ndinu nkhoswe yanga, mawu anga pamudzi pano amalowa kudzera mwa inu. Chonde kwerani shapa mubwere Disembala asanathe. Mudzawapemphe adikire mwanayo akuleko, mafupa alimbe, amalize shikola ya kuno. Akadzakana musadzakangane nawo, ndi munthu wamkulu ndipo sanandilakwirepo. Mudzangofunsa ngati kumeneko kuli zovala m'manja za msinkhu wa mwana, ndiponso ndani adzathamange naye kuchipatala akavulala. Ine ndikafunsa zikumveka ngati mwano.

Mudzapemphenso chimodzi. Ngati apite ndithu, mpaka kumalire ku Entre Lagos ndikamufikitse ndine panjinga yanga, asakwere ya munthu wina.

Mulungu akusungeni pantchito panu. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Edgar wanu ndi ana ena onse. Violeta akuti moni wambiri. Yankho mupatse aliyense wobwera kuno, ndikudikira.

Ine mng'ono wanu,
Feliciano