Mwala wa ku Kepu

4 Juni 1955
Amuna anga, a Alufeo, afika dzulo. Zaka zonse zija ku Kepu, abwera ndi bulangete, chifuwa ndi mwala. Aonda. Ana sanawadziwe bambo awo.
Mwalawo ndi wakuda, wokwana m'dzanja. Pamwamba pake kachilombo kouma gwa, nthiti ngati bongololo, mutu ngati khasu. Akuti anautola pokumba msewu m'phiri. Amangousisita.

11 Juni
Nkhungu tsiku lonse. Mbatata yosakumba. Atsokomola magazi.
Mwala ndinapita nawo ku Kasina. Abambo a ku mishoni anauyang'ana nthawi yaitali. Akuti dzina lake tirilobaiti, kankakwawa pansi pa nyanja yamchere anthu asanakhaleko, ndipo mtundu wake unatha wonse. Nyanja pamwamba pa phiri? Nditawauza a Alufeo, aseka koyamba chibwerereni. "Ndinkadziwa ine kuti si mwala wamba."

20 Juni
Kunabwera a Gerevazio, atsibweni awo a Alufeo. Ati ndi chithumwa, ndicho chikuwayamwa magazi. "Apongozi, mukachisunga m'nyumba muno, maliro tidzafunsa inu."
Ine wobatizidwa. Zimenezo sindikhulupirira. Koma magazi aja pa nsanza.

26 Juni
Mwala uja ndautaya. Masana a Alufeo ali m'tulo, ndakauponya pa dziwe la kudambo.

9 Julayi
Palibe chasintha. Phala akukana. Maso sakupenyanso. Kuzizira.

14 Julayi
M'mawa andiitana. "Amake Elena, ndipatseni mwala wanga."
Ndathamangira kudziwe. Madzi mpaka m'chiuno, matope okhaokha. Ndafufuza mpaka zala kuuma. Osaupeza. Ndatola mwala wina wakuda, kukula kwake komweko, ndawaika m'dzanja. Chala chawo chayenda, chabwerera, kufunafuna nthiti zija.
Ati, "Wasalala."
Basi. Aufumbata, atembenukira kukhoma.

17 Julayi
Tawaika m'manda dzulo. Posambitsa, a Gerevazio anawafumbatula dzanja, mwala unagwa pamphasa. Anautola ndi masamba. Kumanda sanandilankhule, alongo awo a Alufeo anakana madzi anga.
Elena akufunsa chifukwa chake anzake amuthawa pachitsime.
Akuti Lolemba tikumane pabwalo. Ndikanena kuti si womwewo, kuti weniweni uli m'matope, kuti ndinawanamiza amuna anga akufa, ndani adzandikhulupirire?