Ndiwatulutsire Lilime Abwana Anga?

Aphungu,

Mutu wanga waima. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno kunja kwa dziko lathu, ku Al Warqa, pa banja lochokera ku Japan. Madamu ndi munthu wabwino, sanandikalipirepo. Atamva kuti ndinafika Fomu 4, anandipempha kuti ndiziwaphunzitsa katchulidwe ka Chingerezi, poti Lachinayi likubwerali ali ndi intaviyu ya ntchito pa hotelo ina ku Al Garhoud. Kulemba amatha, koma pakamwa ndiye pali ntchito.

Nkhani ndi iyi. Kuti munthu atchule bwino "thank you", lilime liyenera kusuzumira pakati pa mano. Ndiye ine ndiwatulutsire lilime abwana anga? Kwathu ku Ntcheu mayi akanandiwaza mbama. Choncho ndimatchula nditazolika, dzanja lili pakamwa. Iwonso pondithokoza amawerama, mwa chikhalidwe chawo. Miyezi iwiri yonseyi tangokhalira kuyang'ana matailosi!

Akanena "sankyu" n'kufunsa kuti, "Florah, ndakhoza?" ine ndimangoti, "Mwakhoza kwambiri, madamu." Nanga wamkulu n'kumuuza kuti walakwa? Za L ndi R musachite kunena, inenso ndimapunthwa pomwepo.

Dzulo anandigwira manja, misozi ili lengelenge, amvekere, "Chifukwa cha iwe sindikuopanso." Mnzanga Melody wa ku Satwa akuti, "Khalas, basi, zitaye! Unabwera kudzakolopa, osati kudzaphunzitsa." Koma mtima sukundipatsa mtendere. Ndiulule kapena ndingokhala chete? Ulemu ndi uti pamenepa?

F.N., Al Warqa

Mchemwali wanga,

Umenewo si ulemu, ndi mantha chabe. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mayiyu anasankha inuyo kuti mumutsine.

Auzeni lero lomwe. Afotokozereni kuti kwanu wantchito satulutsira lilime bwana wake, n'chifukwa chake mumabisa pakamwa. Munthu amene amakuweramirani tsiku ndi tsiku sangavutike kumvetsa zimenezi. Mupepese kamodzi, osachita kugubuduka pansi.

Kenako khalani moyandikana patsogolo pa galasi. Lilime mulitulutsire galasilo, iwo aziona mmene likuchitira. Masiku atsala ochepa, ndiye musalimbane ndi Chingerezi chonse. Sankhani mawu khumi okha amene adzawanene pa intaviyupo, muwabwereze mpaka azolowere. Pa L ndi R vomerani kuti nanunso ndinu mwana wasukulu. Pezani pa foni mawu ojambulidwa, muzimvetsera limodzi. Aphunzitsi akamapunthwa nawo, wophunzira manyazi amatha.

Koma chenjerani, za Melody musamvere. Mukakhala chete, Lachinayi madamu akamva zoona kwa anthu osawadziwa. Pobwerako sadzakufunsani za lilime. Adzadzifunsa okha kuti m'nyumbamo mwawanamizanso chiyani china.

Aphungu