Nkhosa ya a Shehata ndi Penti Woyera

Lachiwiri, 5 Marichi

Kwa Wolemekezeka Mwini Dengu, nyumba ya pamwamba, Heliopolis. Ine, Dokotala Buthayna el-Gindi, mphunzitsi wa malamulo pa yunivesite, ndikupereka dandaulo langa motere. Lero masana dengu lanu lija mumatsitsa pa chingwe kuchokera pakhonde linatera pa boneti ya galimoto, m'malo motera m'manja mwanga. Munali buledi wa taameya, zitumbuwa za nyemba zokazinga. Mafuta anadontha. Boneti imeneyi ndaikwecha ndi sandipepa mpaka foni yanga yasiya kuzindikira chala changa. Ndikupempha kuti kuyambira lero chakudya chizitsika mwaulemu.

Wodandaulidwayo ndi amayi anga. Yankho lawo kuchokera kumwamba: "Idya, iwe. Chitsulo sichinenepa."

Galimotoyo ndi Pontiac ya bambo, ya 1969. Chidwalire iwo yakhala pansi pa lona m'garaja. Dzimbiri, makoswe, tayala lamoyo limodzi. Kale Lachisanu lililonse ankatenga amayi kukadya ayisikilimu ku Korba. Chimwalirire bambo chaka chatha, amayi sanatsikepo masitepe. Olo kamodzi. Kugula ndiwo pa dengu, mankhwala pa dengu, kukangana ndi aneba pakhonde. Ati mabondo.

Galimoto iyi ikayenda, atsika. Sindinawauze.

Loweruka, 16 Marichi

Yalira. Kabuleta yatsopano, mapulagi atsopano, mapaipi a utsi awiri aakulu oti bambo akanawaona akanandifunsa ngati ndikutsegula fakitale. Nkhunda zonse za mumsewu muno zauluka. Wogulitsa madzi a nzimbe pakona wataya kapu. Ine misozi mkati mwa utsi, girisi m'tsitsi, mayi wamkulu ndithu.

Amayi pakhonde, atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Kenako: "Abambo ako ankailiza mwaulemu. Iyi ikutukwana."

Ndinati tingozungulira nayo pang'ono. Mabondo. Mabondo omwewo amene dzulo anakwera pa tebulo kupachika makatani.

Lachinayi, 28 Marichi

Penti. Garaja yonse ndaikuta ndi mapulasitiki, chifukwa mphepo ya fumbi yayamba, ndipo mchenga wa m'chipululu palibe chimene umakonda kuposa penti wamuwisi. Ya bambo inali ya mtundu wa nyemba zogona mu mphika. Yanga: yoyera mbee, mizere iwiri yabuluu kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Malipiro anga athera m'zitini. Nyama tidzaonana nayo mu Meyi.

Wogulitsa penti wachenjeza. Mwezi wathunthu osaigwira, osaitsuka, osayetsemulira pafupi. Penti amauma pamwamba, mkati akadali wanthete.

Yakongola mpaka ndikuchita nayo manyazi. Ndailankhula ngati mlendo.

Lamlungu, 31 Marichi

Vuto. Aneba ayamba kusuzumira. Mayi wa nyumba yoyang'anana nafe anati "kukongola kwakeko," osatchulapo dzina la Mulungu. Amayi anamva. Makutu alibe vuto la mabondo. Chigamulo chawo: diso la ansanje lafika kale pa galimoto. Pafunika kupha nkhosa, ndi kudinda chikhatho cha magazi ake pa galimoto.

Ndinakwera kukawaphunzitsa. Sayansi. Mbiri ya mwambowu. Ngakhale ashehe ena amati ndi zongotengera kwa makolo. Anandimvetsera uku akusenda adyo. "Wamaliza, adokotala? Abambo ako anali ndi madigiri awiri, koma anadinda. Galimoto yopanda chikhatho ine sindingakweremo."

Sindingakweremo. Ndiye kuti yokhala nacho angakwere. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa ana kuwerenga mapangano, mawu otere sangandidutse.

Ndinatsika. Boneti yanga, Mulungu wanga.

Lachitatu, 3 Epulo

Nkhosa yafika, yochokera kwa a Shehata a butchala. Aimanga pa chitseko cha garaja. Yadya kale tepi yanga ndi theka la pepala la mayeso a chaka chachiwiri. Lomwe yadyalo silinali labwino kwenikweni.

Zokambirana, ine pansi, amayi pakhonde, a Shehata pakati ngati nkhoswe. Ndinati tipachike pa kalilole mkanda wabuluu wothamangitsa diso. Akana. Chikhatho pa tayala. "Ndani amachitira nsanje tayala?" Pansi pa mpando. A Shehata kuseka: "Adokotala, diso lili ngati wapolisi wa pamsewu. Limafuna kuona chikalata poyera." Anandionetsa dzanja lawo. Kukula ngati mbale yolandirira alendo.

Mtima unakwera. Ndinakuwira kumwamba kuti dzanja lachilendo silikhudza galimoto ya bambo anga, langa likukana, ndipo mchimwene wanga Medhat ali ku Dubai. Ofuna chikhatho abwere nacho chawo.

Madzulo dengu silinatsike. Medhat pa foni: "Iwe, udzawadwalitsa amayi chifukwa cha utoto." Kulankhula kwa munthu amene amatumiza maluwa pa Eid basi. Koma mwina ndapyola malire. Mwina akhumudwa zenizeni, atseka ndi khonde lomwe. Nkhosa ikundiyang'ana ngati ikudziwa.

Lachisanu, 5 Epulo

Atsika.

Mapemphero atatha, a Shehata anapha nkhosa, akutsuka mpeni, ine nditaima kutsogolo kwa boneti ngati mlonda. Ndiye ndodo pa masitepe. Go. Go. Diresi lobiriwira, osati lakuda la maliro. Milomo yopaka. Aliyense wofuna kuwagwira mkono analandira chitukwano chakechake. Msewu wonse kuyang'ana, ngakhale mayi woyang'anana nafe uja watchula dzina la Mulungu katatu.

Ndinapatuka ndekha. Amayi anaviika dzanja m'beseni la magazi. Pa boneti, pakati penipeni pa mizere yanga. Ndinatsinzina. Potsegula maso, ali pa chitseko. Kenako chitseko china. Kumbuyo. Denga sanalifikire, kufupika kuli ndi ubwino wake.

"Pangano linali chikhatho chimodzi," ndinatero.

"Unapangana ndi nkhosa."

Anapukuta dzanja pa ovolosi yanga, n'kukhala pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo. Anasisita pamalo pamene bambo ankaika fodya wawo. Ndinayang'ana kumbali, ndikumakonza kalilole wokonza kale.

Korba. Ayisikilimu wa mango, awiri, onse awo. Anandisonyeza mtengo umene bambo anagundapo chaka chimene ndinabadwa, nkhani yoti sindinaimvepo. Pobwerera: "Ukuyendetsa ngati wanyamula mazira. Ponda."

Ndinaponda.

Lachisanu, 12 Epulo

Magazi alowa mu penti. Ndatsuka mobisa, ndapukuta, ndachonderera. Zikhatho zinayi zodera, chala chawo chopindika chikuoneka bwinobwino pa chilichonse. Wogulitsa penti wabwera kudzaona. Wavula chipewa ngati pamaliro. Akuti njira ndi imodzi, kukwecha zonse n'kuyambiranso.

Sindikwecha. Koma mlandu ndi mlandu.

Hutala ikulira pansi. Atsika okha. Makiyi anawaba liti, sindikudziwa. Ndilemba mofulumira.

Choncho ine wolakwiridwa ndikulamula chipepeso motere. Wolakwa azikhala pampando wakutsogolo Lachisanu lililonse kufikira zikhatho zitafufutika zokha, zimene akatswiri akuti sizidzachitika. Ndiponso abale onse a nkhosa ija, a kuchimuna ndi a kuchikazi komwe, abwere kuno ku garaja mmodzimmodzi, atavala mataye, adzagwade pamaso pa boneti ndi kupepesa.