Mpando wa Kukhitchini pa Tsiku la Ubatizo

Manila, 14 Okotobala

Okondedwa achemwali anga a Remedios,

Landirani moni wochokera kuno ku Manila. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga alamu chifuwa chija chinawaleka? Ine thupi lili bwinoko, koma mtima ayi.

Pali chinthu chimene sindinakuuzeni. Kuyambira chaka chatha, ndikatsokomola, kuseka kapena kunyamula ndowa, mkodzo umangotuluka wokha. Ndinauza mpongozi wanga Maricel yekha, ndipo analumbira kuti sauza munthu. Ndi iyeyo amene ananditengera kuchipatala.

Adokotala, mayi wofatsa bwino, anati si matenda ochititsa manyazi. Anati pansi pa chikhodzodzo pali minofu yogwira mkodzo, ndipo imafooka chifukwa cha kubereka, makamaka mayi akasiya kusamba. Ukatsokomola mimba imapanikiza chikhodzodzo, minofu ija n'kulephera kutseka. Atamva kuti ndinabereka ana asanu ndi mmodzi, ndiponso kuti womaliza anali wamkulu mpaka kunding'amba, anangogwedeza mutu. Anandiphunzitsa kumafinya minofuyo tsiku lililonse, ndipo ndikuonako kusintha.

Womalizayo mukumudziwa, ndi Rodel. Munalipo tsikulo, ndinu munandigwira manja.

Lamlungu lapitali tinabatiza mwana wake wamng'ono. Ndinalawirira kuphika mpunga ndi nkhuku, n'kusita diresi langa lobiriwira lija. Titabwerako kutchalitchi ndinafuna kukhala pa sofa pamodzi ndi alendo. Rodel anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti wandiikira mpando wapulasitiki kukhitchini, ati kumeneko kuli kamphepo kabwino. Kamphepo kukhitchini, achemwali, pafupi ndi moto!

Ndili komweko ndinamva mnzake wa kuntchito akufunsa kuti agogo ali kuti. Rodel anayankha akuseka: "Asiyeni, bwana. Muno tili ndi makanda awiri, matewera timagula aang'ono ndi aakulu. Nanga sofa yatsopanoyi tiiwononge?" Anthu anafa ndi kuseka. Mkazi wake Maricel, wolumbira uja, anawonjezera kuti asayerekeze kundiseketsa, chifukwa wokolopa ndi iye.

Sindinalire. Ndinatsuka mbale zonse mpaka alendo anapita. Kenako ndinamufunsa Rodel ngati akudziwa chimene chinandifooketsa chonchi. Anati zinali nthabwala chabe, ndipo ukalamba wayamba kundikwiyitsa msanga. Sanandiyang'ane n'komwe, maso anali pa foni.

Ndinasiya munda wanga ndi mitengo yanga ya kokonati kuti ndidzamulerere ana. Zaka zonsezi ndachapa mikodzo ya ana ake, sindinaitanepo alendo kuti adzaiseke.

Pempho langa ndi limodzi. Kachipinda kaja mumasungiramo mpunga, mundisesere. Mwezi wamawa ukangoyamba ndikwera sitima yapamadzi yobwera kwanuko ku Iloilo. Zofunda zanga ndizidzachapa ndekha, sindidzakuvutitsani. Rodel sindinamuuze. Adzadziwa tsiku limene adzadzuke osapeza khofi patebulo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achimwene a Dioscoro ndi akazi awo, ndiponso kwa adzukulu onse. Rodel akadzakuimbirani foni, mudzamuuze kuti ndinafika bwino. Zina musadzamuuze.

Ndine mng'ono wanu,
Erlinda