Mzere wosapopera

Lachinayi, 16 Okotobala. Kwatentha, ndipo mtima sukukhazikika.

Kumunda wa kafukufuku ku Chinguluwe ndapeza a Saidi, eni malowo, atapopera mankhwala mzere womaliza wa makangaza. Mzerewu timausiya dala osapopera, kuti tiziufananiza ndi inayo. Mbozi zinali zitaboola zipatso zake, zina zikuwolera mumtengo momwemo.

Ndinawakalipira, munthu wamkulu ngati uja. Ntchito ya chaka chonse yalowa m'madzi.

Iwo anangoti, "Alangizi, mtengo ukudwala, mankhwala ali m'nyumba, ine ndizingouyang'ana? Mayi akunyumba anapita choncho chaka chatha, tikungowayang'ana. Mankhwala panalibe."

Mawa abwana andifunsa kuti wawononga kafukufuku ndani. Dzina ndikulidziwa, koma kuti ndilitchule...